Kuika injini ina ya dizilo m'lole yakale

Lole yonyamula katundu wolemera kawirikawiri imakhalitsa kuposa injini yake. Chasisi ndi bodi zimatha kupirira zaka 40 kapena kuposerapo, koma injini ikayamba kumwa oyilo, kufuka utsi wabuluu komanso kulephera chitunda chomwe kale inkakwera mosavuta, mwini wake amatsala ndi njira zitatu: kuiphwasula n'kuikonza yomweyo, kugulitsa loleyo kwa ogula zitsulo, kapena kuchotsa injiniyo n'kuikamo ina ya mtundu wosiyana.

Njira yachitatuyi ndi yodziwika m'magalaja a ku Ndirande ndi Limbe mumzinda wa Blantyre komanso ku Biwi mumzinda wa Lilongwe. Ikachitika mwaluso, lole yomwe idaima imabwerera pamsewu n'kuyambanso kudyetsa banja. Ikachitika mongoyerekeza, mwini lole amataya ndalama kawiri, ndipo nthawi zina miyoyo ya anthu imatayika pamtsetse chifukwa cha mabuleki omwe sadaganiziridwe.

Kumene nzeruyi idachokera

Injini ya dizilo idatenga dzina kwa katswiri wa ku Germany, Rudolf Diesel, yemwe injini yake idagwira bwino ntchito koyamba mu 1897 mumzinda wa Augsburg. Kwa zaka zambiri injinizi zidali zazikulu ndi zolemera, zoyenera m'mafakitale ndi m'sitima zapamadzi, kotero malole ambiri adapitiriza kuyendera petulo.

Zinthu zidayamba kusintha pomwe Frank Perkins ndi Charles Chapman adatsegula kampani ya Perkins ku Peterborough m'dziko la England mu 1932, n'cholinga chopanga injini za dizilo zopepuka komanso zothamanga moti n'kulowa m'malo mwa za petulo. Injini yawo ya P6, yomwe idatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, idatchuka kwambiri nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, pomwe eni malole ankachotsa injini za petulo n'kuikamo imeneyi pofuna kupulumutsa ndalama za mafuta.

Malole a Bedford, omwe Amalawi achikulire amawakumbukira bwino, ndi chitsanzo china. Kampani ya Vauxhall idayamba kuwapanga ku Luton mu 1931, ndipo mtundu wa TJ, wa mphuno yaitali, udatuluka mu 1958. Kampani ya General Motors itasiya bizinesi ya malole akuluakulu a Bedford, fakitale ya ku Dunstable idagulitsidwa mu 1987. Zipangizo za injini zake zidayamba kusowa pang'onopang'ono, koma malolewo sadafe. Ku Pakistan ndi ku Sudan amisiri amawamanganso mpaka lero. Ku Sudan loleyi amaitcha Sifinja, dzina la nkhwaira zofewa, poyamikira kayendedwe kake.

Kummwera kwa Africa kuno, kusintha injini kudafika pokhala ndondomeko ya boma. Poopa kuti maiko akunja angalikanize kugula injini chifukwa cha tsankho, boma la South Africa lidakhazikitsa fakitale ya Atlantis Diesel Engines pafupi ndi Cape Town, yomwe idayamba kupanga injini mu 1981 ndi chilolezo cha Daimler-Benz ndi Perkins. Makampani omanga malole m'dzikolo, kuphatikizapo a ku Japan, adakakamizika kuika injini za ADE m'malole awo. Ichi n'chifukwa chake munthu amatha kupeza lole yakale ya dzina la ku Japan koma ili ndi injini yofanana ndi ya Mercedes-Benz, chichokereni kufakitale.

Zomwe zimakakamiza eni malole

Chifukwa chachikulu ndi ndalama. Dziko la Malawi siligundana ndi nyanja yamchere, kotero lole iliyonse yochokera kunja imadzera kumadoko monga Durban, Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'ndalama zakunja, kuwonjezapo wa mayendedwe ndi msonkho. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, lole yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito idatalikira amalonda ambiri ang'onoang'ono onyamula mchenga, njerwa, chimanga ndi fodya.

Chifukwa chachiwiri ndi kusowa kwa zipangizo. Injini ikhoza kukhala yokonzeka, koma ngati mapisitoni, mabering'i ndi magasiketi ake sapezeka m'sitolo zapafupi, lole imakhala miyezi ili pamiyala. Chachitatu ndi mafuta: injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri kuposa ya petulo, kotero imatulutsa ntchito yochuluka pa lita imodzi. Chomaliza ndi kuwonongeka kosakonzeka, monga buloko ikang'ambika kapena kulankishafiti ikathyoka.

Komabe si lole iliyonse yoyenera kuikidwa injini ina. Ngati chasisi idadyeka ndi dzimbiri, idapindika kapena idawotchereredwa malo ambiri, injini yamphamvu imangofulumizitsa imfa yake. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wagona kunsi kwa lole ndi tochi asadatchule mtengo uliwonse.

Kusankha injini

Injini zomwe zimaganiziridwa kawirikawiri m'malole a matani apakatikati ndi za masilinda 6 ondondozana. Perkins 6.354, yomwe idatuluka mu 1960, ndi ya malita 5.8. Mercedes-Benz OM352 ndi ya malita 5.7, pomwe mlowam'malo wake, OM366, ndi ya malita pafupifupi 6. Isuzu 6BD1 ndi ya malita 5.8, Mitsubishi 6D16 ya malita 7.5, ndipo Hino J08C ya malita pafupifupi 8. Palinso Cummins 6BT ya malita 5.9, yomwe idayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980. Makampani a Tata ndi Cummins atagwirizana mu 1993, injini za banja limeneli zidayamba kupangidwa ku Jamshedpur m'dziko la India, ndipo zimapezeka m'malole ena a Tata.

Ogula ambiri amafunsa za mahosipawa okha, koma kwa lole chofunika kwambiri ndi mphamvu yopotokola, yomwe akatswiri amaitcha torque ndipo amaiyeza mu Nm. Imeneyi ndiyo imadzutsa lole yodzaza katundu ndi kuikweza chitunda, komanso ndiyo imathyola mano a magiya ikapyola muyeso. Mwachitsanzo, injini ya dizilo ya Bedford 330, ya malita 5.4, inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 100 ndi mphamvu yopotokola ya cha m'ma 320 Nm. Cummins 6BT yomwe idaikidwa m'galimoto za Dodge mu 1989 inkatulutsa mahosipawa 160 ndi 540 Nm. Kukula kwa injini ziwirizi sikusiyana kwenikweni, koma katundu yemwe yachiwiriyo imasenzetsa giyabokosi ndi wochuluka kuposa theka kuwonjezera pa wa yoyambayo.

Funso lina n'lakuti pampu ya mafuta ndi yamakina kapena yoyendetsedwa ndi kompyuta. Injini zakale zili ndi pampu yomwe imangofuna mafuta ndi chingwe cha akiselereta. Kuyambira mu 1995, pomwe kampani ya Denso idaika njira ya common rail m'lole ya Hino Ranger, injini zambiri zimadalira kompyuta, masensa ndi mawaya ake. Injini zoterezi sizimwa mafuta ambiri ndipo utsi wake ndi wochepa, koma zimaponya dizilo pamphamvu yoposa mabaa 1,000, kotero kadothi kapena kadontho ka madzi kamawononga mainjekita okwera mtengo. Wogula injini yotere popanda kompyuta yake, mawaya ake ndi pedo yake wagula chitsulo chosalira.

Kukwera kwa malo nakonso n'kofunika. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Dedza ili cha pa 1,600. Kutanthauza kuti injini yopanda tebo imakhala itataya kale gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake isadatuluke mumzinda. Ya tebo simva kwambiri vutoli.

Kuyesa injini isadagulidwe

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Injini yotsukidwa bwino ndi kupakidwa penti siuza munthu chilichonse za m'kati mwake, kotero wogula wanzeru amapempha kuti ilizidwe iye akuona, ndipo ilizidwe itazizira usiku wonse. Injini yotha imavuta kulira m'mawa, pomwe ikatenthetsedwa kale imabisa matenda ake.

Utsi umanena zambiri. Wabuluu umasonyeza kuti oyilo akupsa, woyera wosatha ngakhale injini itatentha umasonyeza madzi kapena dizilo wosapsa, ndipo wakuda umasonyeza mafuta ochuluka kuposa mpweya. Makaniko amatsegulanso chivindikiro cha pothirira oyilo injini ili kulira: ngati pakutuluka mpweya wamphamvu ngati wa mvukuto, ndiye kuti maring'i ndi masilinda adaperepeseka. Oyilo wooneka ngati mkaka ndi thovu m'madzi a ladiyeta ndi zizindikiro zoti gasiketi yapamutu kapena mutu weniweniwo udawonongeka. Mphamvu ya oyilo iyenera kuyezedwa ndi geji yeniyeni injini itatentha.

N'kwabwino kugula injini yathunthu: sitata, olitaneta, tebo, kompulesa, fulayiwilo ndi chikuta chake, ngakhalenso giyabokosi ngati ilipo. Tizipangizo tomwe timaoneka tochepa pa tsiku logula ndi tomwe timaimitsa ntchito kwa masabata pambuyo pake.

Kulumikiza injini ndi giyabokosi

Apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu. Makampani ambiri a injini zazikulu amatsata miyeso ya bungwe la akatswiri la SAE la ku America pa chikuta cha fulayiwilo. Pakamwa pa chikuta cha nambala 1 ndi potambalala mamilimita 511, cha nambala 2 mamilimita 448, ndipo cha nambala 3 mamilimita 410. Ngati injini ndi giyabokosi zili ndi nambala imodzi, mabawuti amakumana okha. Ngati zasiyana, kapena ngati imodzi sitsata miyesoyi monga momwe zilili ndi malole ena akale, pamafunika chitsulo cholumikizira chosemedwa pamakina.

Chitsulo chimenechi si chodula ndi moto wa gasi n'kuboola mongoyang'ana ndi maso. Pakati pa kulankishafiti ndi pakati pa shafiti yolowa m'giyabokosi payenera kuyang'anizana ndendende, ndipo kusiyana kovomerezeka ndi pafupifupi mamilimita 0.2 okha, komwe kumayezedwa ndi geji yawotchi. Zikasemphana kuposa apo, kilatchi imanjenjemera, bering'i yakutsogolo kwa giyabokosi imatha msanga, ndipo giya yomaliza imafwamphuka yokha lole ili paulendo.

Mbale ya kilatchi iyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukula kwake kugwirizane ndi fulayiwilo ya injini yatsopano, ndipo mano apakati pake agwirizane ndi shafiti ya giyabokosi. Kabering'i kapakati pa fulayiwilo nako kayenera kulandira nsonga ya shaftiyo mosakhwepa. Pamwamba pa zonsezi, giyabokosi iliyonse ili ndi malire a mphamvu yopotokola yomwe ingapirire. Chifukwa cha ichi, amakaniko ambiri amakonda kuika injini pamodzi ndi giyabokosi yake, n'kungodula kapena kutalikitsa pulopela shafiti.

Masamu a difu

Cholakwika chofala ndi kuiwala kuti injini zimasiyana liwiro lozungulira. Ya petulo ya m'lole yakale imatha kuzungulira maulendo opitirira 3,000 pamphindi, pomwe za dizilo zambiri za kukula kumeneku zimalekezera pakati pa 2,500 ndi 3,000, ndipo zikuluzikulu zimalekezera cha pa 2,100. Liwiro la lole limachokera ku zinthu zinayi: kuzungulira kwa injini, giya yomaliza, difu ndi kukula kwa matayala.

Chitsanzo chongowerengera chikhoza kuthandiza. Tayala la 9.00-20 limazungulira pafupifupi maulendo 320 pa kilomita imodzi. Tinene kuti difu ndi ya 6.5, kutanthauza kuti pulopela shafiti imazungulira maulendo 6.5 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo giya yomaliza siwonjezera kapena kuchepetsa liwiro. Injini yozungulira maulendo 3,400 pamphindi imayendetsa loleyo makilomita 98 pa ola. Ikachotsedwa n'kuikapo yolekezera pa 2,500, liwiro lomaliza limatsika kufika pa makilomita 72 pa ola, ndipo kuti lifike pamenepo injini imakhala ikulira mothera mphamvu zake zonse, ikumwa mafuta ambiri ndi kutentha. Difu ikasinthidwa n'kukhala ya 5.3, injini yomweyo imafikitsa loleyo pa makilomita 88 pa ola.

Njira zokonzera vutoli ndi kusintha magiya a m'difu, kuika ekiselo yakumbuyo ya lole ina, kapena kupeza giyabokosi yokhala ndi giya yowonjezera liwiro. Kukweza gavana ya pampu kuti injini izithamanga kuposa momwe adaipangira ndi njira yachidule yophera injiniyo. Mbali inayi, difu yopepuka kwambiri imalepheretsa lole yodzaza kunyamuka pachitunda ndipo imawotcha kilatchi. Masamuwa ayenera kuchitika ndalama zisadatuluke m'thumba.

Malo, kulemera ndi mipando ya injini

Injini iyenera kuyezedwa kutalika, kutambalala ndi msinkhu, n'kuyerekeza ndi malo omwe alipo pakati pa mizati ya chasisi. Malo ovuta kawirikawiri ndi sampu, yomwe imatha kugunda ekiselo yakutsogolo kapena ndodo ya chiwongolero masipuling'i akaphwanyika pabampu, komanso tebo ndi sitata zomwe zimatha kulimbana ndi bokosi la chiwongolero. M'malole opanda mphuno, momwe dalaivala amakhala pamwamba pa injini, msinkhu ndiwo umavuta.

Kulemera nako kumasintha khalidwe la lole. Cummins 6BT imalemera pafupifupi makilogalamu 500. Injini ikalemera kuposa yakale, masipuling'i akutsogolo amagona, chiwongolero chimauma ndipo matayala akutsogolo amasenza katundu woposa muyeso wake. Kulemera kowonjezerako kumachepetsanso katundu yemwe lole ingaloledwe kunyamula ikafika pasikelo yapamsewu.

Mipando ya injini imapangidwa ndi chitsulo chochindikala ndipo imakhala ndi mphira zoyenera kunjenjemera kwa dizilo. Iyenera kumangidwa ndi mabawuti olimba pakhoma la mzati wa chasisi. Opanga malole amaletsa kuwotcherera kapena kuboola milomo yapamwamba ndi yapansi ya mzatiwo, chifukwa ndi yomwe imasenza katundu, ndipo mng'alu umayambira pomwe pawotchereredwapo. Injini iyeneranso kupendekeka mogwirizana ndi difu, kuti mfundo ziwiri za pulopela shafiti zipindike mofanana, makamaka mosapitirira madigiri 3. Pulopela shafiti yodulidwa iyenera kupita kumakina oilinganiza kulemera, apo ayi lole yonse imanjenjemera.

Madzi, mpweya ndi utsi

Mwa mphamvu yonse ya m'dizilo, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo pang'ono ndilo limayendetsa lole. Yotsalayo imatuluka ngati kutentha kudzera ku ekizozi ndi ku ladiyeta. Injini yamphamvu kwambiri imatulutsa kutentha kochuluka, kotero ladiyeta yakale, yomwe mwina timapaipi take tidatsekeka kale ndi matope, siyingakwanitse. M'chigwa cha Shire, komwe kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November, kulakwitsa kumeneku kumaonekera paulendo woyamba.

Fani iyenera kukhala pakati pa ladiyeta ndi kuzunguliridwa ndi chikuta chake kuti izikoka mpweya kudzera m'ladiyetamo. Chizolowezi chochotsa themositati n'cholakwika, chifukwa injini yosafika pa kutentha kwake, komwe ndi cha m'ma madigiri 80 mpaka 90, imaperepeseka msanga ndipo siwotcha bwino mafuta. Ngati injini idapangidwa ndi intakula, iyenera kupita nayo.

Sefa ya mpweya iyenera kukhala ya muyeso wa injini yatsopano, ndipo pokokera mpweya pakhale pamwamba, kutali ndi fumbi la matayala. M'misewu yafumbi yakumidzi, kabowo kamodzi papaipi yapakati pa sefa ndi injini n'kokwanira kupha maring'i m'nyengo imodzi yokolola. Paipi ya ekizozi nayo isakhale yopapatiza kuposa pakamwa pa tebo, ndipo idutse kutali ndi mapaipi a mabuleki ndi a mafuta.

Mafuta ndi magetsi

Injini ya dizilo imabweza ku thanki mafuta ena omwe sidagwiritse ntchito, kotero lole yomwe inkayendera petulo imafunika paipi yachiwiri. Thanki iyenera kutsukidwa bwino, ndipo pafunika sefa yolekanitsa madzi ndi dizilo mafutawo asadafike kupampu. Polumikizira paliponse payenera kuthina, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi injini imazima.

Kumbali ya magetsi, malole ambiri a ku Japan ndi a ku Ulaya amayendera mavoti 24, pomwe ena akale amayendera 12. Zikasiyana, mwini lole amasankha kusintha sitata, olitaneta ndi chozimitsira injini kuti zikhale za mavoti 12, kapena kusintha mababu, hutala, mawaipa ndi mageji kuti zikhale za 24. Kuba mavoti 12 pa batire limodzi mwa awiri olumikizana kumapha mabatire onsewo msanga. Galimoto zina zakale za ku Britain zidalumikizidwa mosemphana ndi za masiku ano, waya wa pozitivu ndiye wopita kuchasisi, ndipo zotere zimafunika kutembenuzidwa olitaneta isadamangidwe. Masensa a oyilo ndi a kutentha ayenera kugwirizana ndi mageji apadashibodi, poti geji yonama ndi yoopsa kuposa yakufa.

Mabuleki

Gawo ili ndi lomwe likukhudza anthu ena onse oyenda pamsewu. Malole ena akale ali ndi mabuleki amafuta othandizidwa ndi vakyumu. Injini ya petulo imapanga vakyumu yokha pokoka mpweya, koma ya dizilo sitero, kotero imafunika pampu yapadera. Malole akuluakulu amadalira mpweya wopanikizidwa ndi kompulesa yoyendetsedwa ndi injini, womwe umasungidwa m'mathanki pa mabaa 7 kapena 8. Injini yobwera ndi kompulesa singathandize lole ya vakyumu, ndipo yobwera ndi pampu ya vakyumu singathandize lole ya mpweya, pokhapokha chipangizo choyenera chitamangidwa ndi kuyesedwa.

Pali mfundo inanso yomwe madalaivala ozolowera petulo sayembekezera. Injini ya dizilo payokha sigwira lole kwambiri potsetsereka. N'chifukwa chake malole ambiri ali ndi buleki ya ku ekizozi, yomwe imatseka utsi kuti injini izibweza liwiro. Pamitsetse yaitali monga wa Chiweta m'boma la Rumphi, wa pakati pa Blantyre ndi Chikwawa kapena wotsikira ku Golomoti, lole yodalira mabuleki akumatayala okha imawatenthetsa mpaka kuleka kugwira.

Choyenera kukumbukira n'chakuti injini yatsopano imawonjezera mphamvu yokoka, koma siwonjezera mphamvu yoima. Lole ya matani 7 imakhalabe ya matani 7, ngakhale injini yake itakhoza kukoka 12.

Malamulo ndi zikalata

Galimoto iliyonse yolembetsedwa imadziwika ndi nambala ya chasisi ndi ya injini, ndipo nambalazi zimalembedwa m'zikalata zake. Injini ikasinthidwa, zikalatazo zimasemphana ndi chomwe chili pagalimoto, kotero mwini wake ayenera kukaonekera kunthambi yoona zapamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti zikonzedwe. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale yoyenera kutero, ndipo chiphaso cha COF ndicho umboni wake.

Wogula injini ayenera kusunga lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo ndi dzina la wogulitsa, komanso zikalata zosonyeza kuti msonkho udaperekedwa kubungwe la MRA ngati injiniyo idachokera kunja. Injini yomwe nambala yake idapalidwa kapena kudindidwanso ndi yoyenera kuithawa ngakhale itatchipa chotani, chifukwa kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu. Kampani ya inshuwalansi nayo iyenera kuuzidwa, poti kubisa kusintha kwakukulu chotere kungaipatse chifukwa chokanira kulipira ngozi ikachitika.

Kuliza koyamba

Tsiku loliza injini koyamba, makaniko amathira oyilo ndi masefa atsopano, kuchotsa mpweya m'mapaipi a dizilo, n'kupukusa injini mafuta atatsekedwa mpaka geji ya oyilo itakwera. Pafupi pamakhala thabwa losalala lotsekera pokokera mpweya. Izi zili chomwechi chifukwa injini ya dizilo yomwe pampu yake yakakamira, kapena yomwe yayamba kumwa oyilo wodontha kutebo, imathamanga mosalamulirika ndipo kuzimitsa kiyi sikuthandiza. Imazima pokhapokha itamanidwa mpweya. Dzanja si lotsekera pamenepo.

Ulendo woyamba umakhala waufupi komanso wopanda katundu, pamalo opanda anthu, kuyesa mabuleki, kilatchi ndi magiya onse. Kenaka katundu amawonjezeredwa pang'onopang'ono, maso ali pa geji ya kutentha. Pakatha masiku angapo a ntchito, mabawuti onse a mipando ya injini, a giyabokosi ndi a pulopela shafiti amamangidwanso. N'kothandiza kulemba m'kabuku mtundu wa injini, nambala za masefa, malamba, kilatchi ndi china chilichonse chomwe chasinthidwa, chifukwa lole yotere sipezekanso m'buku la kampani iliyonse, ndipo makaniko wa ku Karonga kapena ku Mwanza yemwe adzaikonze itafera panjira adzadalira kabukuko.

Kodi zimapindulitsa?

Yankho limadalira kuwerengera konse, osati mtengo wa injini wokha. Pamwamba pa injiniyo pali chitsulo cholumikizira, kilatchi, pulopela shafiti, ladiyeta, mabatire, mwina difu, malipiro a amisiri, zolipira kuboma ndi masiku omwe lole ikhale isakugwira ntchito. Zonsezi ziyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wokonza injini yakale komanso ndi wa lole ina yoyenda kale.

Kusintha kumapindula pomwe chasisi, maekiselo ndi mabuleki zili bwino, injini yosankhidwayo ili ndi zipangizo m'sitolo zapafupi, mphamvu yake siyotalikirana kwambiri ndi ya yakale, ndipo loleyo ili ndi ntchito yodalirika yobwezera ndalamazo. Chimodzi mwa izi chikasowa, nthawi zambiri kukonza injini yomwe ilipo kapena kugulitsa loleyo ndiko kumateteza thumba. Mwini lole yemwe sadziwa za makina angachite bwino kupempha makaniko kuti amuonetse lole ina yomwe adaisintha kale, n'kucheza ndi dalaivala wake za momwe ikuyendera ikadzaza katundu, pokwera ndi potsika pomwe.